Zimene Zinkatsala pa Pepala Losefera

Ndisanalembe kanthu, ndikuthokoza Mulungu Atate amene anandisunga pa njinga yamoto m'misewu yamatope ya kumpoto kuno, amene wandisiyira maso oona mpaka lero, ndiponso anandipatsa mayi anu, NyaGondwe, mkazi wosaopa kunditsutsa. Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinachitikira madamu a nsomba a amayi a mpingo wathu ku Mzilawaingwe. Mwamva mbali zosiyanasiyana kwa anthu. Ndalemba mutu uno kuti mumve kwa ine mwini ndisanayambe kuiwala.

Ntchito yanga yoyamba, ku Karonga

Ndinachoka kwathu ku Dedza ndili ndi setifiketi, buluku limodzi lotchena ndi Baibulo la malemu bambo anga. Ondilemba ntchito ananditumiza ku Karonga, ku kaofesi koyeza madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Ntchito yanga inali kutunga madzi m'mabotolo, kulembapo dzina la malo, ndi kuthandiza mu labotale. Bwana wanga woyamba anali a Mzumara, munthu wamtali wosaseka, amene ankanunkhiza botolo lililonse asanalilandire. Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi madzi amene anati watunga pa chitsime chake. A Mzumara anandiitana nati, "Kamwendo, tagwira botolo ili." Ndinaligwira. Linali lofunda. Iwo anatembenukira kwa mwini wake ndi kumufunsa mwaulemu kuti, "Adada, chitsime chanu munachikumba pa mafuwa?" Munthu uja anali atawiritsa madziwo poopa kuti timutsekera chitsime. Atapita, a Mzumara anandiuza kuti ndisamalandire madzi amene sindinaone akutungidwa, ngakhale wowabweretsa atakhala m'busa. Mawu amenewo ndinayenda nawo ntchito yanga yonse, ndipo mayi anu amati ndinafika nawo mpaka kunyumba.

A Mzumara omwewo ndi amene anandiphunzitsa kusefa. Madzi oyeza zitsulo za poizoni, monga mtovu, timayamba tawathira pa kapepala koyera kozungulira. Matope ndi zinyalala zimatsala pa pepalapo, madzi oyera amatsikira m'botolo, timadonthezamo asidi, kenaka amapita ku makina. Pepala lija timaliponya m'bini. Umu ndi mmene buku la ntchito linkanenera, ndipo silinkalakwa, chifukwa funso lathu linali lakuti m'madzimo mwasungunuka chiyani. Palibe amene ankatifunsa za zotsala pa pepala.

Zaka za ku Mzuzu

Atandisamutsira ku Mzuzu ndinapeza tauni yozizira, ya mitengo yambiri, timitsinje take toyera moti unkaona miyala pansi. Kuno ndi kumene ndinakumana ndi mayi anu ku kwaya, iwo akuseka Chitumbuka changa, ine ndikuseka Chichewa chawo. Ntchito inali ya kusowa. Panali zaka zimene mapepala osefera ankatha, n'kumadikira miyezi. Asidi ankabwera botolo limodzi la chaka chonse. Njinga yamoto ikasowa mafuta ndinkakwera yakapalasa, mabotolo akugundana m'katoni kumbuyo, kukwera zitunda za ku Lupaso ndikuimba nyimbo za m'buku kuti ndisamve miyendo. Mabwana anabwera ndi kupita. Ena anali oopa Mulungu, ena ankagulitsa mafuta a ofesi ndipo ankaganiza kuti sindikuona. Ndinkaona, koma ndinkangosunga mumtima.

Tauni inakula ndikuiona. Dera la Zolozolo linadzaza nyumba mpaka m'mphepete mwa madambo. Kunabwera majumbo, timapepala ta pulasitiki tonyamuliramo chilichonse, ndipo mvula ikagwa tinkakolekera pa mabango ngati zovala zoyanika. M'mbali mwa kamtsinje kotsikira ku Mzilawaingwe munatsegulidwa magalaja, ndipo anyamata ankaswa mabatire akale a galimoto pabwalo. Kumtunda kwake anthu anamanga makola a nkhuku zoyera zija zimene zimakula ndi mankhwala m'madzi akumwa.

M'munsi mwa zonsezi, amayi a mpingo wathu anakumba madamu a nsomba. Mayi anu ndiwo anali mtsogoleri. Anakumba ndi makasu awo, ena ana ali kumsana, n'kupatutsa ngalande kuchoka mu kamtsinje kaja. Nsombazo zinali za makumba, zodyetsedwa madeya. Pokolola, gawo lina linkapita kwa ana amasiye amene mpingo unkawaphikira Loweruka, lina amayiwo ankagawana, lina ankagulitsa. Asanaikemo mbewu yoyamba anandipempha kuti ndiyeze madziwo. Ndinatunga ndekha, ndinasefa ndekha, ndipo zotsatira zinali zabwino. Ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti madziwo alibe vuto. Chaka ndi chaka ndinkabwereza kuyeza, ndipo chaka ndi chaka ankatuluka bwino.

Chaka changa chomaliza, mvula itayamba

Nthawi imeneyo bwana wathu anali a Mhango, munthu waukhondo, woseka ndi aliyense, wosakonda phokoso. Mmawa wina analowa mu labotale ndi mayi wachitsikana wovala majombo. Anati dzina lake ndi NyaLongwe, wa ku Nkhata Bay, akuchita kafukufuku ku sukulu ina ya ukachenjede, ndipo ndizimuperekeza kotunga madzi. Iye anandipatsa moni bwinobwino, "Monire adada, muli uli?" Koma maso ake anali pa bini.

Tsiku lomwelo, nditasefa madzi, ndinatenga pepala kuti nditaye. Anandigwira mkono. "Adada, chonde, limenelo musataye. Ndi limene ndabwerera."

Ndinamusiyira pepalalo. Munthu amene watsala miyezi yochepa kupuma ntchito, mlendo n'kubwera kudzatola zimene iye amataya, angaganize chiyani? Ndinaganiza kuti atumidwa kudzafufuza kagwiridwe kanga ka ntchito. Atafunsa njira ya ku madamu a ku Mzilawaingwe, kukayika kwanga kunakula, chifukwa kunali mphekesera yakuti anthu ena andalama akufuna dambo limene munali madamuwo kuti alidule mapuloti. Njira yachidule yochotsera amayi pa malo ndi kunena kuti madzi awo ndi oipa. Ndinaganizanso kuti ophunzira oterewa sapatsidwa digiri akapeza kuti zinthu zili bwino. Choncho sindinamulole kutunga yekha ngakhale botolo limodzi. Kulikonse ndinkaima pambali pake, ndipo zolemba pa mabotolo ndinkalemba ndine.

Anaona, koma sanakwiye. Tsiku lina anaika pepala la ku madamu pansi pa makina okuzira tinthu ting'onoting'ono, nati ndisuzumire. Ndinkayembekeza kuona matope. Ndinaona timaulusi tabuluu, tofiira, ndi tizidutswa toyera tokhala ngati mamba.

"Ndi majumbo aja, adada, ndi masaka a feteleza ndi zovala," anatero. "Pulasitiki saola. Amangofumbutuka ndi dzuwa mpaka diso silimuonanso. Ndiye akakalamba chonchi amachita ming'alu, amakhala wokhakhala. Mtovu wa m'mabatire ukamupeza umakakamira. Mankhwala a makapusozi amene anthu ndi nkhuku amatulutsa m'thupi nawonso amakakamira, nthawi zina chitsulocho ndi chimene chimawagwiriza. Kachidutswa kotere kali ngati minibasi ya ku Zolozolo, sikasiya munthu pa siteji."

"Ndiye kakanyamula, madzi sayera?" ndinafunsa. "Si bwino kuti zoipazo zachoka m'madzi?"

"Madzi amaoneka oyera, enya. Koma nsomba siisefa, imameza. Ndipo pali china. Pa kapulasitikipo pamamera ndere, m'nderemo mumakhala tizilombo toyambitsa matenda. Timagona ndi kudzuka pamodzi ndi mankhwala aja mpaka kuwazolowera. Tsiku limene kachilombo kotero kadzalowa mwa mwana, mudzamupatsa makapusozi koma sadzamva."

Ndinamva, koma sindinakhulupirire. Pulasitiki ndinamuona ndi maso anga, koma mtovu ndi mankhwala zinali za pakamwa pake. Mapepalawo ankati awatumiza ku labotale yaikulu kum'mwera, kumene ine sindikanaona chimene akuchita nawo. Ndiye ndinachita zimene a Mzumara akanachita. Ndinatenga madzi a mvula a m'thanki ya kwathu, ndinasungunuliramo dothi la m'chulu cha kuseri kwa nyumba, ndinasefa, n'kulemba pa pepalalo dzina la damu la amayi. Ndinaliika pakati pa enawo osamuuza. Ndinati mumtima, ngati limeneli libwere lili ndi poizoni, ndidziwa kuti nkhani yonse ndi yopeka.

Pasaka atayandikira

Zotsatira zinafika amayi atagwirizana kale kuti akolola sabata ya Pasaka. NyaLongwe anandiitanira pa benchi n'kundionetsa. Madzi osefedwa anali bwino monga mwa masiku onse. Koma zotsala pa mapepala a ku kamtsinje ndi ku madamu zinali ndi mtovu wambiri, ndiponso mankhwala aja. Kenaka analoza mzere umodzi, akumwetulira. "Koma ili landizunguza mutu. Lalembedwa kuti ndi la ku damu, koma mulibe pulasitiki, mulibe kanthu. Adada, mwandiyesa eti?"

Ndinavomera. Anaseka mpaka kugwira benchi. "Yewo chomene. Aphunzitsi anga akanakukondani."

Ine sindinaseke. Ndinakumbukira ana a Loweruka aja akunyambita zala. Ndinamufunsa ngati nsombazo zili ndi poizoni m'nyama mwake. Anandiyankha mosabisa kuti sakudziwa kuchuluka kwake. Anali atatumbula zingapo n'kupeza timaulusi m'matumbo, koma nyama yeniyeniyo sanaiyezetse. Anati sanganene kuti wodya lero adwala mawa, chifukwa mtovu suthamanga, umaunjikana mwakachetechete, ndipo umakonda ana.

Tinapita kwa a Mhango. Anamvetsera akuzunguza cholembera. Pomaliza anati, "A Kamwendo, ife lamulo limati tiyeze madzi. Madzi ali bwino, mwasaina nokha. Matope si athu. Mayiwa amalize kafukufuku wawo, lipoti lipite ku likulu, akuluakulu alione. Tikayamba kuopseza anthu ndi zinthu zosavomerezedwa, mawa kubwera atolankhani pano." Ndinawakumbutsa kuti kukolola ndi sabata ya Pasaka, lipoti silidzakhala litabwera. Anati, "Zaka zonsezi akhala akudya, wafa ndani?" Ndinkadziwa kuti mwini wa galaja yaikulu kumtunda kuja ankakhala nawo pa tebulo limodzi kumalo omwera. Sindikunena kuti ndicho chifukwa chake. Ndikungonena zimene ndinkadziwa.

Ndinatsala pakati. Wina akuti pali choopsa koma sakudziwa kukula kwake, wina akuti palibe kanthu. Onse anali ophunzira kuposa ine, ndipo aliyense akanatha kukhala ndi chifukwa chake chobisika. Ndinapemphera masiku angapo. Zimene zinkandibwerera ndi za mlonda woikidwa pa linga, amene akaona choopsa n'kusaliza lipenga, mlandu wa anthuwo umakhala pa iye. Koma mlonda woliza lipenga chifukwa cha mthunzi amathanso kuthawitsa anthu m'minda yawo pachabe.

Ndinapempha mayi anu kuti andikazingire makumba angapo a m'damu, monga ankachitira poyesa ngati zakula. Sindinawauze chifukwa. Ndinapita nazo ku ntchito m'kontena, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinayamba ndi NyaLongwe. Mtonga wa kunyanja ameneyu ndinali nditamuona akutsuka mbale ya usipa osasiya ndi mutu womwe. Anatsegula, fungo linamukoka, kenaka anafunsa kuti, "Za kuti?" Nditamuuza, anatseka pang'onopang'ono. "Adada, mundikhululukire. Ndine woyembekezera. Izi yayi." Anatero maso ali pansi, chifukwa si nkhani imene mwana wamkazi amauza bambo wamkulu.

Ndinanyamula kontena lomwelo kupita ku ofesi ya a Mhango. Anasangalala, anasamba m'manja, anakokera mpando. Ndinati, "Ndi za amayi a ku Mzilawaingwe, bwana, zoyamba kucha." Dzanja lawo linaima m'malere. Anayang'ana wotchi, nati akumbukira kuti ali ndi msonkhano, ndiwasungire. Madzulo ndinapeza kontena lili pawindo, losatsegulidwa, nyerere zitalizungulira.

Onse awiri anakana. Mmodzi ananena chifukwa, winayo sananene. Pamenepo ndinadziwa chochita.

Lachinayi la amayi

Ndinayamba ndi mayi anu, kunyumba. Anandimvetsera akupeta mpunga, osandiyang'ana. Nditamaliza anati, "A Kamwendo, si inu munaimirira m'tchalitchi kuti madzi ali makora? Lero kabwera kamtsikana ka majombo, mwatembenuka? Inu simukhulupirira munthu, ngakhale ine mumandifunsa kawiri mtengo wa tomato. Ameneyu wakudyetsani chiyani?" Ndinati madzi ali bwino ndithu, zimene ndinanenazo sindikubweza, koma nsomba zimadya zimene ife timataya pa pepala. Anati, "Mukanene nokha. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Lachinayi amayi amasonkhana ku tchalitchi. Ndinapempha mphindi zochepa, ndipo ndinabwera ndi NyaLongwe ndi makina ake aja. Anatumbula nsomba ya m'damu iwo akuona, ndipo amayiwo anasuzumira m'makinamo mmodzimmodzi. Ena anabwerera akugwira pakamwa. Ena anati timaulusi timeneti munthu akhoza kutiikamo. NyaTembo, wachiwiri kwa mayi anu, mayi wamasiye wolimbikira amene anakumba kuposa onse, anaimirira nati, "Adada a Kamwendo, mutiuze zoona. Dambo lathu mwaligulitsa kwa ndani?" Sindinamudandaule, chifukwa inenso ndinayambira pomwepo. Ndinawafotokozera za pepala langa la dothi la m'chulu. Za kontena la a Mhango sindinanene, popeza anali adakali bwana wanga.

Anakangana nthawi yaitali, Chitumbuka chikuthamanga moti china chinkandipitirira. Kenaka NyaTembo anabweretsa nzeru ina. Anati, "Chabwino. Ana amasiye tisawapatse, ifenso tisadye. Koma tikagulitse ku msika wa ku Zolozolo. Kumeneko amadya zambiri zoipa kuposa izi, ndipo pulasitikiyo ndi wawo womwe." Ambiri anavomereza ndi mitu. Kunena zoona, chaka chonse cha thukuta chinali m'madzi amenewo, ndipo ena anali atawerengera kale nsombazo pa yunifolomu za ana.

Mayi anu anali asanalankhule chiyambire. Anakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo, osandiyang'ana. Anadzuka nati, "Ŵamama, ine amuna angaŵa andikwiyitsa, ndipo sindikudziwa ngati akunena zoona. Koma ku Zolozolo kuli ana. Mayi amene adzagule nsomba yanga adzaipempherera asanapatse mwana wake, ngati mmene ndimachitira ine. Ndiye ine ndidzakhala kuti pamene akupempherapo? Ngati sitidya, sagula munthu." Anakhala pansi. Patapita kanthawi wina anayambitsa nyimbo motsitsa, ena analandira, ena anatuluka.

Loweruka la Pasaka, mmalo mokolola, tinakumba dzenje kumtunda kwa dambo. Amuna a mumpingo anakoka ukonde. Zinali nsomba zonenepa, zonyezimira, zokongola kuposa chaka china chilichonse. Amayi ankazinyamula m'mabeseni n'kukakhuthula m'dzenje, tikuthira laimu pamwamba kuti agalu asafukule. Mayi anu ananyamula beseni loyamba ndi lomaliza, misozi ikutsika, osapukuta. Ndinaona kuti damu la kumapeto linatulutsa nsomba zochepa kuposa anzake, ndipo udzu wa m'mbali mwake unali wopondedwa kumene. Ndili ndi maganizo anga pa zimenezo, koma sindinaone munthu, choncho sinditchula dzina.

Nditapuma ntchito

A Mhango atamva anandiitana, nati ndawachititsa manyazi pochita zinthu za ofesi kunja kwa ofesi. Sanandilembere chilango. Pa phwando londitsanzika analankhula zabwino zambiri za ine, ndipo ndinkawayang'ana pakamwa. Lipoti lija sindinalione mpaka lero. Magalaja adakalipo, ndipo mabatire akuswedwabe pabwalo. NyaLongwe anabereka mwana wamkazi, anabwera naye kwathu, mayi anu anamulandira ndi nkhuku. Koma nyama ya nsomba zija sinayezedwe, ndipo sidzayezedwanso. Sindingakuuzeni motsimikiza kuti tinapulumutsa mwana wakuti. N'kutheka kuti poizoni anali wochepa. Ndimadzifunsa zimenezi nthawi zina, ndipo yankho ndidzalimva tsiku limene zobisika zonse zidzaululidwe.

Gulu la amayi linagawanika. NyaTembo ndi anzake anachoka, ndipo iye akandiona amawoloka msewu. Otsalawo anakwirira madamu n'kudzalamo bulugamu, kuti pasapezeke wolima ndiwo pa matope amenewo. Mayi anu anakhala milungu ingapo akundiyankha mawu amodziamodzi. Tsiku lina mmawa, tikukonzekera kupita ku mapemphero, anandikonzera kolala ya malaya nati, "Mukanakhala chete, ndikanadzamva kwa wina, sindikanakukhululukirani." Nkhaniyo sitinaikambenso.

Tsopano ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditagona: Yehova akudalitseni ndi kukusungani. Adalitse madzi amene mumamwa ndi chakudya chimene mumaika pamaso pa ana anu. Akupatseni maso oona zimene ena amataya osayang'ana, ndi mtima wosagulitsa kwa mlendo chimene simungadye inu. Pamene mudzayenera kulankhula mawu owawa kwa anthu amene mumawakonda, akhale pakamwa panu, ndipo akupatseni wina wa m'nyumba mwanu woima nanu ngakhale atakwiya. Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale pa inu nonse. Ameni.